Kondakitala Awerenga Mbalame ku Kauma

Sabata yonse ndimawerenga mitu ya anthu,
anayianayi pampando, wachisanu adzipanikize.
Kanengo, Eriya 25, tauni!
Chenji m'manja, mawu atasasa pakhosi.
Palibe amandifunsa zomwe ndaona panjira.

Loweruka ndimawerenga okwera osalipira.

Usaseke, Chikaiko.
Dzuka ndisanagogode,
vala nsapato zomwe suzikonda.
Kumadamu a ku Kauma kuli matope
ndipo fungo lake limakulonjera usanaodire.
Koma akakowa alibe nazo ntchito,
ayala zoyera zawo m'mphepete
ngati amvano ofika msanga pamaliro.

Ukapeza Mayi Nasimelo atafika kale.
Adapuma ntchito yoyeza magazi kuchipatala,
maso awo adazolowera tinthu tating'ono.
Magalasi awo oonera kutali adasweka diso limodzi,
adawamanga ndi mphira,
timabwerekana anthu asanu ndi awiri.
Tsiku loyamba adandiuza kuti,
"Usalembe chomwe ukufuna kuona, mwanawe.
Lemba chomwe waona."

Ndiye ndimalemba.
Pumbwa asanu ndi anayi, aphokoso ngati oitanira pasiteji.
Nantchengwa mmodzi, wanyamula kamtengo
ka nyumba yosatha kumangidwa.
Nthengu awiri pawaya.
Mkuta sitidamuone, tidangomva
akukhuthula botolo lake m'bango,
nayenso amalowa m'kope.

Mwezi watha nkhulukulu sidabwere.
Mkuyu uja wa m'mbali mwa Lingadzi
udakawotcha njerwa za munthu wina.
Ndidafuna kudumpha mzerewo,
mayiwo adagwira dzanja langa:
"Lemba ziro. Ziro nayenso ndi mboni."
Ndidalemba kabowo kozungulira,
kadandiyang'ana ngati diso.

Ukukumbuka legeni yathu ku Mchesi?
Miyala m'matumba a kabudula wa kusukulu,
atimba khumi ndi atatu pachingwe chimodzi,
iwe ukunyadira kuti wandiposa ndi awiri.
Tidayamba kalekale kuwerenga mbalame, ife,
kungoti tinkawerenga zitagona chagada.
Diso lomwe lija ndi limene ndikulifuna,
lija linkaona nthenga kuseri kwa tsamba
ine ndikuona tsamba lokha.

Ukuti sudapite patali ndi sukulu.
Kodi pumbwa adakufunsapo satifiketi?
Ukuti mayina suwadziwa onse.
Inenso pali kambalame ka mchira wogwedera
kamene ndidakatcha "kaja" miyezi itatu.

Tikatha, manambala amakwera pafoni.
Amakakumana ndi a mlonda wina wa kudamu la Kamuzu
amene amawerenga akaweruka m'mamawa,
ndi a mtsikana wa ku Likuni
amene ali ndi mtengo umodzi wokha wa mango
koma sadauphonyepo Loweruka.
Wanga yekha ndi dontho.
Akaphatikizana, chaka pamwamba pa chaka,
wina adzatsegula n'kuona
kuti anamzeze adachedwa liti,
kuti dambo lidayamba liti kukhala chete,
ndipo sadzanena kuti palibe adaona.

Mzindawu ukukula ngati mwana wadyera.
Pomwe tinkathyola mabango pali mpanda wa njerwa,
pali galu, pali chikwangwani.
Sinditsutsa, nanenso ndikufuna poloti.
Koma amene tidawapeza pano
tiziwaitana mayina, ngati m'kalasi,
tidziwe amene sadayankhe.

Malipiro palibe, ndisakunamize.
Pali tiyi wa m'fulasiki, zitumbuwa zikapezeka,
ndi udzudzu wosawerengeka.
Pali kamphindi kaja dzuwa likamatuluka cha ku Chankhandwe,
choso akatera pafupi,
khosi lake n'kuyaka ngati waya wowotcherera,
anthu asanu ndi awiri osapuma.

Bweretsa pensulo, cholembera chimakana mame.
Ndikakudikira pamlatho hafu faifi.
Ntchito yanga ukuidziwa,
sindinyamuka mpando uli wopanda munthu.
Watsala mmodzi, Chikaiko.
Mmodzi yekha, tizipita.