Mpiru Wosadyedwa

Chaka chimene tirigu wathu adayera masamba
ngati wina wawaza ufa m'munda usiku,
bambo anga a Tarlochan adati ndi chisanu.
Sichinali chisanu.
Njati yathu yamkaka idayamba kudya chogwada,
ziboda zitang'aluka ngati chikuni chouma,
ndipo mayi akapesa ankazula tsitsi m'chipeso
n'kulifumbata kuti ife tisaone.

Kudabwera mtsikana wa ku yunivesite ya ku Ludhiana,
Nirmaljit, nsapato zili matope okhaokha.
Bambo atamupatsa moni, iye adafunsa:
Mwadya adyo?
Sabata yonseyo adyo sadalowe m'nyumba mwathu.
Adatapa dothi, adatunga madzi a pa mjigo,
adawenga zikhadabo zanga zosweka
n'kuzikulunga m'kapepala ngati ndalama.

Patatha mwezi dzina lidafika: seleniyamu.
Pang'ono chabe, akuti, thupi limamufuna.
Akachuluka amadya mwini munda
kuyambira ku nsonga za zala.

Bambo ankadikira makina, kapena jekeseni wa nthaka.
Iye adatula thumba la njere za mpiru.

Bambo adaseka mpaka kutsokomola.
Mpiru? Umene timadya chaka ndi chaka?
Womwewo, adatero, koma uwu simudya.
Mizu yake idzamwa chimene chikukupwetekani,
tizilombo tosaoneka tokhala m'mbali mwa mizu
tidzathandiza kutafuna,
china chidzakwera m'masamba,
china chidzauluka ndi mphepo.

Tidafesa.
Pofika Januwale munda wonse unali chikasu,
njuchi zili ng'ung'ung'u osadziwa kanthu,
ndipo dzuwa likatentha
kafungo ka adyo kankatuluka m'masamba,
kafungo ka m'kamwa mwa bambo kaja
tsopano kakuchoka pa mudzi.

Chovuta chinali mayi.
Ndidawapeza m'mawa wina ali chilili pakati pa mizere,
tsamba lonona lili m'manja,
lija lofewa limene dzanja limathyola lokha.
Adaliyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka adaliponya mu ngolo
pamodzi ndi anzake opita kutali,
kumene, akuti, nthaka ilibe seleniyamu
ndipo ziweto zimadwala chifukwa chomusowa.
Chotipha ife kuno, adatero mayi,
kwina akuchiyeza pa sikelo.

Ino ndi nyengo yachinayi.
Nirmaljit amabwerabe ndi timabotolo take,
manambala ake amatsika ngati nkhalamba pa makwerero,
phazi limodzi, kupuma, phazi lina.
Sadatilonjeze chaka.
Madzi akumwa timakatunga ku mudzi wina.
Njati ija idafa.
Mwana wake amayenda ndi miyendo inayi,
amadya udzu wogula.

Dzulo ndikumanga mitolo
ndidaona pa chala changa chachikulu
kachikhadabo katsopano kakusuzumira,
kosalala, kopanda mng'alu,
kochepa ngati njere imene tidafesa.
Sindidauze munthu.
Ndidangopitiriza kumanga.