Mjigo wa pa Thebulo

Zaka khumi ndi zinayi ndinkatsegula vinyo
mu lesitilanti ina ku Melville
ndi kampeni kopinda kogona m'thumba la epuloni.
Ndinkasenda khosi la botolo osayang'anako,
kupota kasanu, kutsamiritsa, kukoka,
chitsekero n'kutuluka mwaulemu
ngati mkamwini akutsokomola pakhomo la apongozi.
Odya ankayamba aleka nkhani kuti aone dzanja langa.

Dzanja lake ndi lomweli.
Chichokereni tsiku lomwe chitseko cha thekisi
chinalipana pa Bree,
chala chachikulu chimamva chisanu cha Juni
Epulo asanathe,
ndipo a Pillay ananditsanzika ndi envulopu
ndi mabotolo atatu ofiira.

Miyezi isanu mabotolowo ali pansi pa bedi.

Loweruka lina Elube anabwera ndi chinthu m'jumbo,
wachigula pa kaunjika wa ziwiya ku Rosettenville,
marandi makumi asanu ndi atatu,
bokosi long'ambika, pepala la malangizo mulibe.
Chitsulo cholemera ngati ndowa ya mwana,
makutu awiri opanira khosi,
pamwamba mkono wautali,
pakati kawaya kopotana ngati mchira wa nkhumba.
Ndinati, mayi, izi ndi za anthu osadziwa ntchito.
Sanayankhe.
Iye wa Mvano, woti vinyo amangomuonera pa Mgonero,
anaimika botolo pa thebulo lathu lotsimphina,
kulipana, kutsitsa mkono, kuukweza,
monga ankapopera mjigo kwawo ku Mitundu
dzuwa lisanatuluke.
Phu!
Chitsekero chili m'mwamba, chathunthu,
ine ndisanamalize kunyoza.

Zaka khumi ndi zinayi, anthuni,
zathera m'kupuma kumodzi kwa mkazi wosamwa.

Komatu ndisachitamande ngati ndine wochigulitsa.
Chili ndi makani ake.
Chikaiko wa chipinda chakumbuyo atabweretsa wotchipa,
wa chitsekero cha pulasitiki,
kawaya kanalowa bwino, kanatuluka kokha,
kusiya chitsekero chili duu, chitabooka pamimba.
Botolo lachiwiri la a Pillay linali lokalamba,
chitsekero chake chofumbwa ngati chimanga cha chaka chatha.
Mjigo sudziwa kunyengerera nkhalamba:
unazula theka, theka linagwera m'kati,
tinamwa chosefa ndi kansalu ka tiyi.
Kampeni kanga kakanamva kufewako,
kakanapita pang'onopang'ono, kakupepesa.
Mu dirowa sichikwanamo.
Chimakhala pamwamba pa filiji,
pambali pa chitini cha mapasipoti,
ngati mlendo amene tikusowa pomugoneka.

Ndiye tsiku lija Chikaiko anabweranso,
ife tapana kale khosi, mkono uli m'mwamba,
Elube n'kuona kuti botololo n'lachivindikiro chongopotokola.
Tinaseka mpaka landilodi anagogoda khoma.

Lachitatu usiku magetsi anazima mu Turffontein monse.
Elube ali ku ntchito ya usiku, kusamala gogo wina ku Linden.
Ndinayatsa kandulo,
ndinatulutsa botolo lotsiriza,
ndinaliyang'ana nthawi yaitali.
Ndinayamba ndayesa kampeni, ndisaname.
Kupota koyamba chala chinakana,
ululu unakwera mpaka m'chigongono.
Ndinatsitsa chija pa filiji.
Dzanja lamanja lingogwirizira makutu,
lamanzere, lomwe silinaphunzirepo kanthu,
linatsitsa, linakweza.

Phokoso lake si la ulemu ayi,
ku Melville akanatembenuka onse.
Koma muno munalibe wotembenuka,
ine ndekha, kandulo, ndi agalu a ku Booysens akuuwa kutali.
Ndinanunkhiza chitsekero mwa chizolowezi,
ndinathira pang'ono m'kapu ya tiyi,
ndinadikira ngati pali wina woti alawe
n'kugwedeza mutu.

Kampeni kaja kakadali m'thumba la jekete.
Ndimakakhudza ndikamakwera thekisi.
Mjigo uli pa filiji, mkono uli m'mwamba,
ngati mwana wa sukulu amene akudziwa yankho
koma aphunzitsi sakumufuna.