Khola Lozungulira la ku Lifuwu

Ndinafika ndi mkwapulo wanga wachikopa,
womwe uja ndinkayendetsera ngolo pa Khombedza.
A Sumaili anangouyang'ana kamodzi,
naupachika pa nthambi ya msangu.
Ukadali pompo, dzuwa lauumitsa gwa.

Kahatchiko kanali ndi zaka ziwiri,
kofiira ngati katondo, banga loyera pamphumi.
Ndikangosuntha phazi, iko kali kale tsidya lina,
mphuno zili fwee, khungu likunthunthumira,
diso latembenuka mpaka koyera kuonekera.

"Usakayang'ane m'maso," anatero a Sumaili.
"Woyang'ana m'maso ndi fisi.
Kapatse phewa. Pumira m'mimba.
Kakathawa, kaleke kathawe,
kholali lilibe ngodya yopanikizira munthu."

Masiku anayi ndili chiimire pakati,
dzuwa la Okutobala likuboola paliwombo,
anyamata a ku sikimu ya mpunga ali pampanda, kikiki:
"Akulemba ntchito yoopseza mpheta kodi?"

Tsiku lachisanu khutu limodzi linandiloza.
Kanatsitsa mutu, kakutafuna m'kamwa mopanda udzu,
kakunyambita milomo.
"Tembenuka tsono, uzipita."
Ndinatembenuka. Phazi, lina, lachitatu.
Kumbuyo kwanga mgugu wofewa pamchenga,
kenaka mpweya wofunda pakhosi,
fungo la gaga ndi thukuta.
Sindinacheuke.
Maondo okha ndiwo anandiulula.

Zotsatira zinabwera pang'onopang'ono.
Thumba la feteleza lopanda kanthu,
kalinunkhize kaye, kenaka pakhosi, pamsana, pamimba.
Chingwe ndinkakoka ngati ndikudzutsa wodwala,
kakangopereka phazi limodzi, ine tayale.
"Kukoka sikuphunzitsa kanthu," a Sumaili ankatero,
akukanda chala chawo choduka chija,
"chophunzitsa ndi pomwe walekera."
Mvula yoyamba itagwa ndinagona chamimba pamsana pake,
iko kanangopukusa mchira, kuingitsa ntchentche.

Dzana madzulo, kunyumba,
ndinatukula dzanja kuti nditenge chipewa pamsomali.
Tsilizani, mwana wanga wa Sitandade 3,
anabisa mutu m'chigongono.
Diso lomwe lija.
Koyera komwe kuja.

Ndinakumbuka ng'ombe za bambo, Bulaki ndi Bantomu,
mizere ya zipsera m'nthiti mwawo,
ndi yanga iyi, kuseri kwa ntchafu,
yomwe ndakhala ndikunena kuti inandilera.

Sindinamuitane.
Ndinakhala pakhonde, ndinamupatsa phewa,
ndikumata chubu cha njinga chomwe sichinabooke.
Anaima pafupi ndi mtondo, akukumba pansi ndi chala chakuphazi,
mpaka mayi ake anamutuma madzi.

Lero ndi tsiku lachitatu.
Chubu chadzaza zigamba.
Wafika pa mzati wachiwiri wa khonde,
ndipo ndikumva, osacheuka,
kuti akuyang'ana manja anga.