Kaundula wa Ikuyo

Tokuji anabwera nato atatikumbatira pachifuwa
ngati ana obadwa masiku osakwana,
nakwera masitepe onse a phiri la Onomichi osapuma,
munthu amene amapuma kanayi akanyamula kathumba ka mpunga.

Tisipika tiwiri. Kukula kwake ngati timbale ta supu,
pepala lopyapyala kutsogolo, maginito olemera kumbuyo.
Mtengo wake ndinauona pa lisiti
limene anabisa m'thumba la jekete:
penshoni ya mwezi wathunthu, ndi kanyenyeswa pamwamba.

Akuti masipika ena amagawa nyimbo patatu
monga abale olimbirana chuma cha masiye:
wina atenge mabesi, wina zapakati, wina zokwera.
Koma aka, akuti, kamaimba zonse ndi kamwa limodzi
ngati munthu.
Ndinati: nanga tija tam'wailesi yakale,
tamtengo wa nsomba ziwiri,
tinali ndi makamwa angati?
Sanayankhe. Mwina sanamve.

Nyengo yonse yachisanu anali pa macheka.
M'kati mwa bokosi anapinda njira
yokhotakhota ngati tinjira ta m'tauni mwathu,
kuti mawu ayende ulendo asanatulukire kunsi.
Utuchi m'zofunda, utuchi m'tiyi,
mphaka wa aneba anatuluka m'nyumba atachita imvi.

Zaka makumi atatu ndi zinayi
anamenya chitsulo pa doko la Innoshima,
nyundo ikudya makutu ake pang'onopang'ono.
Dokotala anatipatsa pepala:
mzere ukuyenda bwinobwino, kenaka phompho.
Ketulo ikalira samva.
Nkhululu za m'chilimwe zinamuthawa kalekale.

Usiku woyamba kunali mvula.
Anaika singano pa chimbale, natsinzina,
manja pa maondo, ngati ali m'kachisi.
Nyimbo itafika pakati anatembenuka.
Ikuyo, ukumva chiyani?

Ndikanatha kunama, ndalama ija inali ikundiwawabe.
Koma ndinamva woimba akukoka mpweya
asanayambe ndime,
chala chikutsetsereka pa nsambo,
mpando ukulira kumbuyo kwa oimba,
ndi wina, amene mwina mafupa ake anaola kale,
akutsokomola kamodzi, mwamanyazi.
Ndinamuuza.
Ndinamuuzanso kuti ng'oma ilibe mimba,
yauma ngati katoni,
ndipo chitoliro chikakwera chikubaya ngati minga.

Analemba zonse ndi pensulo m'mbali mwa bokosi.
M'mawa anang'amba juzi yanga yakale
nalowetsa ubweya wake m'njira zija,
nakankhira mabokosi m'ngodya.
Madzulo: nanga tsopano?
Mimba yabwera, ndinatero, koma yanjala.

Kuwabara, amene kale ankakonza mawailesi a m'maboti,
anabwera ndi manachesi, namvetsera atapendeketsa mutu.
Tokuji, anatero, totchipa timakufikitsa
masitepe asanu ndi anayi mwa khumi.
Lotsalalo ndiye lodula kuposa nyumba,
ndipo ukaliponda upeza kuti bokosi ndi chipinda
ndi zimene zinali kuimba.
Tokuji anasenda nachesi, namwetulira.
Izi anazimva, ndikudziwa.

Mwezi watha, kaundula wa ndalama ali patebulo.
Chakudya. Magetsi. Mankhwala a maondo.
Tisipika tiwiri tija tilibe mzere wake.
Ndayesa kutiika pa zosangalatsa, ndafufuta.
Pa zotayika, dzanja lakana.

Zaka makumi anayi m'nyumba imodzi
mwamuna uyu ankafunsa kuti chaphikidwa n'chiyani,
boti lomaliza linyamuka nthawi yanji,
magalasi ake ali kuti.
Kuti ndikumva chiyani, wayamba chaka chino,
usiku uliwonse, pensulo ili kukhutu.

Ndatilemba pa zokonzetsa m'nyumba,
pansi pa denga lodontha
limene ndalama yake inali yomweyo.

Denga likudonthabe.
Beseni lili pakati pa masipika awiri,
ndipo dzulo, nyimbo itatsika pansi penipeni,
ndinati ndikumva to, to, to.
Iye anatsegula maso, nkhope ikuwala:
zimenezo zili m'chimbale?