Ndilembe Zingati?

Dengu lathu si la kusitolo.
Analiwotcherera Che Mbwana kuseri kwa depoti:
limu ya njinga ya kabaza, paipi ya mjigo wakufa,
ndi matcheni khumi ndi awiri olendewera.
Chimbale chikagunda pamenepo
kulira kwake kumafika kwa ogulitsa mango kumsewu.

Madengu otere tili nawo asanu ndi limodzi
kuseri kwa sukulu kwa M'baluku, pakati pa migwalangwa.
Lachinayi ndilo louma mtima:
mapazi makumi asanu ndi atatu kuchoka pamzere,
mlambe utaima pakati ngati wapolisi wapamsewu.

Za kugoletsa ndi kuponya kumodzi
tinakangana dzinja lonse.
Cha Twaibu chinawomba mlambe, n'kunjanja, n'kulowa.
Tinati chalowa, mtengo ndi mbali ya bwalo,
mwayi sulipitsidwa msonkho.
Cha Jafali chinakakhala pamwamba pa dengu, phee,
ngati nkhuku yokana kulowa m'khola.
Tinati ayi. Jafali sanatilankhule mpaka Idi.

Tsono Loweruka lija, dzuwa likuswa mtengo,
malaya atamatirira kumsana,
anzanga anatembenuka onse
kuyang'ana lole ya chimanga itatitimira mumchenga.
Ine ndinali pamzere.
Ndinakoka mkono,
thukuta linandipereka,
chimbale chinapulumuka m'zala
n'kugwa apo, mapazi atatu, chafufumimba,
ngati mbale yogwetsa mwana.

Palibe anaona.
Mbuzi yokha, ndipo inapitiriza kudya katoni.

Ndinatola. Ndinapukuta pakabudula.
Ndinabwerera pamzere ngati munthu amene akungofika kumene.

Atacheuka, ndinaponya.

Inu, chimbale chija!
Chinanyamuka chopendekeka, chinazungulira mlambe
ngati chikudziwa kwawo,
mphepo yochokera ku Shire inachinyamula m'khwapa,
chinaweramira kumanzere,
kenaka, tchwee!
Matcheni onse khumi ndi awiri anayimba.

Twaibu anandinyamula paphewa.
Jafali, yemwe uja, anavula chipewa.
Mnyamata wa kabaza anaima, wokwera ali pambuyo,
kufunsa ngati kwabadwa mwana.
Ena anayamba kale kuwerenga mabotolo a fanta
amene wogoletsa amagulira gulu,
poti mwambo tinaukhazikitsa tokha.

Zaka zitatu ndakhala ndikulota kulira kumeneku.
Ndataya zimbale ziwiri m'bango,
china chinadyedwa ndi galu wa aheadi,
phewa langa limalosera mvula.
Kodi dzanja limene laponya si langa?
Kodi mtunda unafupika chifukwa ndinayamba ndagwetsa?
Mlambe sunasunthe. Mphepo sindinaigule.

Koma Asiyatu anabwera ndi kope lake
la chikuto chong'ambika, lonunkha utaka,
momwe muli dzina limodzi lokha, la Twaibu,
ndi tsiku, ndi mboni ziwiri.
Anachotsa bolopeni m'tsitsi.
Sanandiyang'ane mokayika, ayi,
ndicho chinandipweteka.
Anangofunsa monga afunsira aliyense pa dengu lililonse:
Ndilembe zingati?

Mbuzi inakweza mutu.

M'kamwa munauma ngati mtsinje wa mu Okutobala.
Ndinaona kamalo kaja, mapazi atatu kuchoka pamzere,
pomwe mchenga unali ndi chizindikiro chozungulira,
chooneka bwinobwino kwa ine ndekha.

Lembani zitatu, ndinatero.
Koyamba kanagwa apo. Kachiwiri ndi chilango.
Kamene mwaonaka n'kachitatu.

Twaibu ananditsitsa pang'onopang'ono.
Jafali anaseka mpaka kukhala pansi,
kenaka anadzuka, napita pa okala,
nabwera ndi fanta mmodzi, wotentha,
nandipatsa osanena kanthu.

M'kope muja dzina langa mulibe.
Koma usiku, magetsi akazima,
udzudzu ukayamba nyimbo zake kunja kwa neti,
ndimamvabe matcheni aja,
ndipo palibe amandifunsa kuti zingati.