Kugogoda Thanthwe

Makiyi ndinabweza Lachisanu,
maluwa a jakaranda akuthothoka ku Braamfontein,
nyengo imene ophunzira amayenda atagwira mitu
ine n'kumagona ndi cholembera chofiira m'manja.
Zaka khumi ndi zinayi
zinakwana m'makatoni asanu a nthochi.
Mokoena wa pachipata anandinyamulirako awiri,
nafunsa chapansipansi: Dokotala, akuchotsani?
Ndinati ayi. Anagwedeza mutu
ngati munthu woti ayi wotere anamumvapo kale.

Ndinkaphunzitsa zakale.
Malipiro a amuna a Theba, chaka ndi chaka,
mayina opotozedwa ndi kalaliki wotopa,
chifuwa cha fumbi,
bokosi lachitsulo lofika ku Ntcheu
mwini wake atatsala kuno.
Bambo a bambo anga ali penapake m'mapepala amenewo,
nambala chabe.
Ndinawafunafuna mpaka maso anapempha magalasi.
Akufa satsutsa. Ukawalemba molakwa amangoti zii,
anzako atatu n'kuwerenga,
mmodzi n'kukuyamika pa tiyi.

Lero ndili pa nsanjika yachisanu ndi chinayi ku Rosebank.
Khoma lonse ndi timapepala tomata, tachikasu, tobiriwira,
ndipo funso la sabata ino ndi ili:
mipopi ya mzinda uno itati yauma mu 2050,
woyamba kumanga katundu angakhale ndani?
Mawa limodzi timalilembera nkhani zinayi.
M'nkhani yoyamba mvula imagwa.
M'yachiwiri imagwa, koma mapaipi anaola kale.
Yachitatu sindiikonda.
Yachinayi ndimalemba usiku magetsi atathima,
jenereta ya aneba ikutsokomola,
ndipo mulibe mawu a m'munsi otchula gwero,
poti gwero lake silinabadwe.

Achimwene a Fanuwelo amameta anthu ku Mayfair.
Atamva anaseka mpaka kuika makina pansi.
Sukulu yonse ija, mathero ake uneneri?
Gula suti yoyera, mphwanga,
tenti ndi zokuzira mawu tikupezera ife.
Tandiuza, randi ikwera? Chitupa changa chituluka liti?
Ndinati sindilosera, achimwene,
ndimangofunsa kuti nanga zikatere.
Iwo amvekere: Nanga zikatere!
Funso limenelo amafunsa mayi aliyense
wokweza matumba pa basi ya ku Park Station,
ndipo palibe amamulipira.

Ndinakhala chete. Anali atandimeta mbali imodzi yokha.

Pobwerera, minibasi inadutsa pafupi ndi zulu za mchenga wachikasu,
dothi limene linatulutsidwa kuti mzinda uime.
Joni wakhala pamwamba pa maenje,
aliyense akudziwa, aliyense akumwa khofi.
M'mapepala aja ndinawerengamo za munthu
wolowa patsogolo pa anzake phulitso litatha,
nyali pachipumi, chitsulo chachitali m'manja,
kugogoda thanthwe la pamutu
ndi kumvetsera.
Likalira ngati belu, lowani.
Likalira ngati ng'oma, bwererani.
Sankadziwa tsiku lodzagwa thanthwelo.
Nthawi zina ankalakwa.
Sindinena kuti anali agogo anga, umboni ndilibe,
ndipo ulesi wonama wopanda umboni sindinauphunzirebe.

Ndimasowa phokoso la mipando ikamakwana naini koloko.
Ndimasowa mtsikana wa kumbuyo uja, Refilwe,
amene ankakweza dzanja ndisanamalize chiganizo.
Komiti ya Lachitatu masana sindiisowa.
Dzina langa pachitseko analimatula sabata yomweyo,
ndinamva kwa Mokoena.

Dzulo Yankho anandipeza patebulo,
yunifolomu isanavulidwe, chala pa nambala ija.
Adadi, mu 2050 inu mudzakhalapo?
Ndinayamba kuwerenga ndi zala
ngati woimitsa minibasi yopita kumene sanapiteko.
Makumi asanu ndi awiri, kudza chimodzi.
Ndinati mwina.
Iye anati, mwina si yankho.
Kenako anatenga kapepala kobiriwira,
nalembapo dzina lake m'zilembo zazikulu,
n'kukamata pakati penipeni pa nkhani yachitatu.