Mboni Yachitatu

Anandipeza ndikudulira mpesa,
wansembe wa ku Roma, nsalu yaubweya kumutu,
pambuyo pake mnyamata atafumbata udzu
wozulidwa ndi dothi lomwe paphiri la Yupita.
Lamulo lifuna amuna atatu, anatero,
amuna a ndevu, oti aone ndi maso.
Analipo awiri. Wachitatu ndinakhala ine,
popeza munda wanga ndiwo utsamira malire.

Masiku makumi atatu ndi atatu apitawo
anadutsa pomwepa kukaitanitsa ng'ombe zobedwa.
Analumbira pa mwala wa malire,
analumbira pachipata, analumbira pamsika,
ndi pamaso pa munthu woyamba kukumana naye:
Opiteri, mlamu wanga, atasenza mtsuko wa mafuta,
pakamwa yasa, osadziwa poutula.
Ng'ombe sizinabwere.

Tsopano mkondo. Nsonga yowaula pamoto,
magazi ouma kale, ntchentche ziwiri zikulondola.
Mawu anawayala mmodzimmodzi, osapunthwa,
pakuti liwu limodzi likagwa pansi
nkhondo isanduka uchifwamba,
milungu n'kutembenuza nkhope.
Koma dzanja linali la nkhalamba.
Mkondo unangodumpha ngalande
n'kuzika m'nyemba za Opiteri,
zomwe ndinamuthandiza kubzala.

Mwaona?
Tinati taona.
Kunyumba Sekunda sanandifunse kanthu,
anangotseka zenera loyang'ana kwawo.

Patapita zaka zinayi anabwera wansembe wina,
wamng'ono, wachimfine, ndi udzu watsopano.
Anafuna nkhumba. Inalipo yanga yokha,
zina zonse asilikali anadya.
Anawerenga pangano kuyambira pamwamba mpaka pansi,
nakweza mwala wa nsangalabwi:
woyamba kuswa mawu awa,
Yupita amukanthe chomwechi, ndi kuposa apa.
Nkhumba inalira kamodzi.
Akuluakulu a mbali zonse anagwirana manja
nafunsana za mtengo wa mchere.

Kutsidya ndinawerenga nkhope.
Ya Opiteri panalibe.
Panali mwana wake, atavala malaya a bambo ake,
akundiyang'ana ngati mwini dzanja lija ndine.

Ndalama ya nkhumba sindinailandirebe.
Mkondo ukadali pomwe unagwa,
palibe wolimba mtima kuuzula,
wa kuno kapena wa uko.
Chaka chino nyemba zomera zokha zaukwera,
zayanga mpaka kumapeto,
ndipo Sekunda, zenera atatsegula pang'ono,
akuti zakhwima,
akundifunsa kuti lamulo likuti chiyani
za munthu wokathyola.